Laurens van der Post ndi Kanyumba ka pa Chambe

Laurens van der Post anabadwira ku Philippolis, m'dziko la South Africa, m'chaka cha 1906. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse anagwidwa ndi Ajapani ku Java, nakhala m'ndende kufikira 1945.

Mu 1949 Angerezi anamtuma ku Nyasaland kudzayendera mapiri a Mulanje ndi Nyika. Atakwera Mulanje, pa Chambe anamlandira Fred France, woyang'anira nkhalango ya mikungudza, amene ankakhala m'kanyumba komweko ndi mkazi wake ndi khanda. France anaperekeza mlendoyo paulendo. Chiperoni chinawatsekereza m'njira, mitsinje inasefukira, ndipo poyesa kuwoloka, madzi anamkokolola France, namgwetsera kuphompho.

Imfayi ndiyo inagwira mitima ya oŵerenga buku la Venture to the Interior, limene linamtchukitsa van der Post, chonsecho dzina la malemuyo analisintha kukhala Vance. Mlembiyu atamwalira ku London mu 1996, zinadzaululika kuti zambiri zimene ankasimba za moyo wake zinali zokometsera chabe.

Kanyumba kaja kali pafupi ndi nyumba yogonamo alendo ya Chambe, ndipo okwera phiri amakatchula France's Cottage.