Gregor Mendel: mwana wa mlimi amene anatiphunzitsa za mbewu kuchokera m'dimba la nsawawa

Mlimi mnzathu, mwina munagulapo mbewu ya chimanga ya hayibulidi, n'kukolola bwino, kenako n'kusungako china kuti mudzabzale chaka chotsatira. Chitamera munaona kuti munda sunafanane. Mapesi ena anali aatali, ena aafupi, china chinacha msanga, china mochedwa, ndipo zokolola zinatsika ngakhale munathira feteleza wofanana ndi wa chaka chatha. Munthu woyamba kufotokoza mmene zimenezi zimachitikira anali wansembe wina wa ku Ulaya, dzina lake Gregor Mendel. Iye sanali ndi munda waukulu kapena makina. Anali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, mbewu ya nsawawa ndi buku lolembamo.

Ubwana wake

Mendel anabadwa m'mwezi wa Julayi 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, umene lero umatchedwa Hynčice, m'dziko la Czech Republic. Nthawi imeneyo dera lonselo linali pansi pa ufumu wa Austria. Makolo ake anamutcha Johann. Bambo ake, a Anton, anali mlimi wamng'ono, ndipo masiku atatu pa sabata ankalima m'munda wa mwini malo, ntchito yofanana ndi thangata lija limene makolo athu analiona kuno kwathu. Masiku otsalawo ndi amene ankasamalira munda wawo ndi mitengo ya zipatso. Johann anaphunzira kumezanitsa mitengo ndi kuweta njuchi ali mwana.

Aphunzitsi ataona kuti mwanayu ndi wanzeru, anapempha kuti apitirize sukulu ku tauni ya Opava. Ndalama zinali zovuta. M'chaka cha 1838 mtengo unagwera bambo ake n'kuwavulaza kwambiri moti sanathenso kulima bwino. Johann ankaphunzitsa ana a anthu ena kuti apeze chakudya, ndipo anadwala kangapo. Mlongo wake wamng'ono, Theresia, anamupatsa gawo la chuma chimene anamusungira kuti adzalowe nacho m'banja, kuti iye amalize maphunziro ku Olomouc. Mendel sanaiwale. Atakula anaphunzitsa ana aamuna atatu a mlongo wakeyo, ndipo awiri mwa iwo anakhala madokotala.

Wansembe amene analephera mayeso

M'chaka cha 1843 analowa m'nyumba ya ansembe a chipani cha Augustine mumzinda wa Brno, ndipo kumeneko ndi kumene anapatsidwa dzina la Gregor. Anadzozedwa unsembe mu 1847. Mkulu wa nyumbayo, Cyril Napp, ankakonda nkhani za ulimi, makamaka kuweta nkhosa ndi kubzala mitengo ya zipatso, ndipo ankalimbikitsa ansembe ake kuphunzira.

Mendel ankafuna kukhala mphunzitsi, koma mu 1850 analephera mayeso a uphunzitsi. Napp anamutumiza ku yunivesite ya Vienna kuyambira 1851 mpaka 1853, kumene anaphunzira masamu, sayansi ndi za zomera. Mu 1856 anayesanso mayeso aja koma sanapambane. Anakhala mphunzitsi wongogwirizira kwa zaka zambiri. Chaka chomwecho cha 1856 ndi pamene anayamba ntchito ya m'dimba imene dziko lonse limamudziwira lero.

Kubzala msanga, kamodzi pa chaka

Ku Brno nyengo yozizira ndi yoopsa. Kumagwa chipale chofewa, nthaka imauma gwa ngati mwala, ndipo palibe chimene chimamera panja. Cha m'ma Malichi ndi Epulo nthaka imayamba kufewa, ndipo alimi a kumeneko amathamangira kumadimba awo. Nsawawa ndi imodzi mwa mbewu zoyamba kulowa m'nthaka chifukwa imamera ngakhale dothi likadali lozizira, pamene ikakumana ndi kutentha kwambiri siberekanso bwino. Wochedwa kubzala amakolola zochepa.

Kwa Mendel zimenezi zinatanthauza kuti anali ndi mwayi umodzi wokha pa chaka. Akaphonya nthawi yobzala, kapena akasokoneza mbewu, ankadikira miyezi khumi ndi iwiri kuti ayambirenso. N'chifukwa chake ankakonzekera nyengo yozizira isanathe: kusenda makoko, kusankha njere, kuziwerenga, kuziika m'timapepala tolembedwa bwino, ndi kudziwiratu bedi limene mtundu uliwonse udzabzalidwe. Dimba lakelo linali lalitali pafupifupi mamita 35 ndi mamita 7 m'lifupi. Alimi ambiri kuno kwathu ali ndi madimba aakulu kuposa pamenepo.

Asanayambe kukwatitsa mbewu, anatenga mitundu 34 ya nsawawa kwa ogulitsa mbewu n'kuibzala zaka ziwiri zotsatizana kuti aone ngati mtundu uliwonse ukubereka zofanana ndi kholo lake. Pa mitunduyo anasankhapo 22. Kenako anasankha zinthu zisanu ndi ziwiri zooneka ndi maso zoti azizitsatira, monga kutalika kwa chomera, mtundu wa njere, kusalala kapena kukwinyika kwa njere, ndi mtundu wa makoko.

Mmene ankakwatitsira mbewu

Duwa la nsawawa lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi, zotsekeredwa mkati, choncho limadzibereketsa lokha. Mendel ankatsegula duwa lisanakhwime, n'kuchotsa mbali yaimuna ndi kachitsulo kopanira, n'kupaka mungu wochokera ku chomera china. Akatero ankateteza duwalo kuti mungu wina usalowe. Ankaopa kwambiri kachirombo kofanana ndi nankafumbwe kamene kamaboola maluwa a nsawawa, moti zomera zina anazibzala m'miphika m'nyumba ya magalasi kuti aziyerekeza ndi za panja.

Ankasamalanso zinthu zimene mlimi aliyense wa dimba amazidziwa. Nsawawa yoyanga ankaiimikira timitengo ndi zingwe. Zomera zazifupi ankazizula mosamala zikadali zazing'ono n'kuziwokera pa bedi lawolawo kuti zazitali zisaziphimbe. Pokwatitsa ankasankha zomera zamphamvu zokhazokha, chifukwa anaona kuti zofooka zimayoyola maluwa ndipo sizipereka zotsatira zodalirika. Kuyambira 1856 mpaka 1863 analima ndi kuyang'anitsitsa zomera pafupifupi 28,000.

Zimene anapeza

Atakwatitsa nsawawa yaitali, yofika mamita awiri, ndi yaifupi, yosafika theka la mita, ana onse anatuluka aatali. Panalibe wapakatikati. Ufupi uja unaoneka ngati watha. Anaonanso kuti ana amenewa nthawi zambiri ankatalika kuposa kholo lawo lalitali lija.

Chaka chotsatira anabzala njere zochokera kwa ana amenewa. Mwa zomera 1,064 zimene zinamera, 787 zinali zazitali ndipo 277 zinali zazifupi. Ufupi uja unali usanathe, unangobisala. Zinachitikanso chimodzimodzi ndi njere: zosalala 5,474 ndi zokwinyika 1,850, zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Pa zinthu zonse zisanu ndi ziwiri, pa zomera zinayi zilizonse zitatu zinkatengera kholo limodzi ndipo chimodzi chinkatengera kholo linalo.

Sanalekere pomwepo. Anabzalanso njere zosalala zija, zomera 565. Mwa izo, 193 zokha ndi zimene zinabereka njere zosalala zokhazokha. Zotsala 372 zinabereka zosalala ndi zokwinyika zomwe. Apa mpamene pali phunziro lalikulu: njere ziwiri zikhoza kuoneka zofanana m'manja mwanu koma mkati mwake zili ndi chibadwa chosiyana.

Mendel anafotokoza kuti chomera chimalandira chibadwa kawiri, china kuchokera ku mungu, china kuchokera ku mbali yaikazi. Ziwirizi zikasiyana, chimodzi chimaonekera ndipo chinacho chimabisala, koma sizisungunukirana ngati mchere m'madzi. Chomeracho chikamabereka, ziwirizi zimalekananso, ndipo njere iliyonse imatengako chimodzi. Anayesanso pa nyemba ndipo pa kutalika kwa chomera ndi maonekedwe a makoko anapeza zofanana.

Palibe anamumvetsa

Pa 8 Febuluwale ndi pa 8 Malichi 1865, Mendel anafotokoza zotsatira zake pa msonkhano wa bungwe la okonda zachilengedwe ku Brno, ndipo zinasindikizidwa mu 1866. Akatswiri a nthawiyo sanaziganizire kwenikweni. Mmodzi wa iwo, Carl Nägeli wa ku Munich, ankalemberana naye makalata koma sanaone kufunika kwa ntchitoyo. Mendel anatha zaka zingapo akuyesa pa chomera china chakutchire chotchedwa Hieracium, koma zotsatira sizinagwirizane ndi za nsawawa. Panthawiyo palibe ankadziwa kuti chomera chimenecho nthawi zambiri chimapanga njere popanda mungu.

Mu 1868 anasankhidwa kukhala mkulu wa nyumba ya ansembe ija. Ntchito ya mu ofesi inamuchulukira, ndipo zaka zake zomaliza anazithera pa mkangano ndi boma pa nkhani ya msonkho wa nyumba za ansembe. Komabe anapitiriza kuweta njuchi, kumezanitsa mitengo ya zipatso ndi kulemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Anamwalira ndi matenda a impso pa 6 Januwale 1884 ali ndi zaka 61.

Mu 1900, patatha zaka 16 iye atamwalira, akatswiri atatu, Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak, anasindikiza zotsatira zofanana ndi zake, ndipo zolemba za Mendel zinatulukiranso. Kuyambira pamenepo opanga mbewu anayamba kukwatitsa mbewu akudziwa chimene akuchita. Chimanga cha hayibulidi chinayamba ku America, ndipo kuno kumwera kwa Africa mbewu yotchuka ya SR52 inatulutsidwa mu 1960 m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Akatswiri a ku Chitedze amene amatipangira mbewu amagwiritsa ntchito mfundo zomwezi.

Zimene inu mungatengepo

1. Musabwereze mbewu ya hayibulidi. Mbewu ya hayibulidi ili ngati ana oyamba aja a nsawawa ya Mendel: yofanana komanso yamphamvu. Mukabzala zokolola zake, zobisika za makolo zimatulukira, munda sufanana ndipo mphamvu ija imachepa. Izi ndi zoona pa chimanga, tomato, kabichi ndi anyezi. Mukaona F1 pa paketi, dziwani kuti ndi hayibulidi, ndipo muyenera kugula yatsopano nyengo iliyonse.

2. Dziwani mbewu zimene mungasunge. Nsawawa, nyemba, soya ndi mtedza zimadzibereketsa zokha, choncho mbewu yake sisintha msanga. Chimanga chimalandira mungu wouluka ndi mphepo kuchokera ku ngayaye za m'minda yoyandikana, ndipo maungu ndi mpiru zimalandira mungu wobwera ndi njuchi. Ngati mukusunga mbewu ya chimanga cha makolo, kapena chamakono chosakhala hayibulidi, sankhani cha pakati pa munda, osati cha m'malire.

3. Sankhani mbewu ikadali m'munda. Njere yokongola pa lichero sikuuzani zonse. Yenderani dimba mbewu zikukula, muike chizindikiro pa zomera zamphamvu, zopanda matenda ndi zobereka bwino, ndipo mutenge mbewu pa zomera zambiri.

4. Bzalani pa nthawi yake. Nyengo yathu ndi yosiyana ndi ya ku Brno, koma nsawawa ndi yomweyo: imafuna kozizira. N'chifukwa chake imachita bwino m'madera okwera monga Dedza ndi Ntcheu. M'dimba, ibzaleni mvula ikamatha ndi kuzizira kukamayamba, kuti ichite maluwa ndi kukhwima kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kusanafike. Konzeranitu mabedi, manyowa owola bwino, mbewu ndi timitengo toyangira tsiku lobzala lisanakwane.

5. Yesani pang'ono musanadzaze munda. Mendel anatha zaka ziwiri akungoyesa mbewu imene anapeza kwa ogulitsa. Mukapeza mtundu watsopano, ubzaleni pa bedi limodzi pafupi ndi umene mumaudziwa, ndipo musamalire mabedi onse mofanana.

6. Werengani ndi kulemba. Pa chomera china Mendel anapeza njere zosalala 43 ndi zokwinyika 2 zokha, pa china zosalala 14 ndi zokwinyika 15. Akanangoona chomera chimodzi akanasokera. Choonadi chinaoneka ataphatikiza zomera mazanamazana. Inu alimi otsogolera amene muli ndi minda yachitsanzo, musaweruze mbewu ndi phando limodzi kapena chaka chimodzi. Lembani dzina la mbewu, tsiku lobzala, tsiku lochita maluwa, matenda amene munaona ndi kulemera kwa zokolola.

Anthu ena asanabadwe Mendel anakwatitsapo nsawawa ndipo anaona ana akusiyana. Iye anawaposa chifukwa anawerenga njere iliyonse n'kulemba, chaka ndi chaka, kwa zaka zisanu ndi zitatu. Nyengo ino, musanatsegule paketi ya mbewu, werengani zolembedwa pamenepo, mufunse alangizi a m'dera lanu ngati ndi ya hayibulidi kapena ayi, ndipo mugule kope limodzi loti lizikhala la dimba lanu.