Francisco Xavier Woyera ndi Makalata Ake

Pa 1 Januwale 1542, munthu wina wodwala malungo adakhala pansi pa Chilumba cha Moçambique, m'chigawo chimene lero tichitcha Nampula, nalembera kalata abwenzi ake a ku Roma. Adawauza za miyezi iwiri imene adavutika ndi mseru panyanja, za masiku 40 amene chombo chidaima osayenda chifukwa chosowa mphepo, ndi za odwala amene iye ankawathandiza pachilumbapo. Kalatayo adaidula msanga, pakuti tsiku lomwelo asing'anga adali atamchotsa magazi kachisanu ndi chiwiri. Munthuyo ndiye Francisco Xavier, nkhoswe ya mamishoni onse.

Adabadwa pa 7 Epulo 1506 ku Navarra, m'banja lomveka. Mu 1525 adapita ku Paris kukaphunzira, ndipo mu 1530 adayamba kuphunzitsa nzeru zakuya za Aristóteles. Adali mnyamata wokonda ulemu. M'chipinda chimene ankagona ndi Pierre Favre mudalowanso msilikali wakale wotsimphina, Inácio wa ku Loyola, amene Francisco adayamba wamnyoza. Inácio adamsenga pang'onopang'ono monga madzi aboolera mwala, kufikira pa 15 Ogasiti 1534 pamene anthu asanu ndi awiri adachita malumbiro awo ku Montmartre. Chipani cha Yezu chidaphuka pamenepo. Francisco adalandira unsembe ku Veneza mu 1537, ndipo ku Roma ntchito yake idali yolembera Inácio makalata. Mu 1540, amene adasankhidwa kupita ku India, Nicolau Bobadilla, adadwala. Francisco adalowa m'malo mwake, nanyamuka m'mawa mwake. Iye ndi Inácio sadaonanenso maso ndi maso.

Chombo chidachoka ku Lisboa pa 7 Epulo 1541, chidafika m'dziko lathu kumapeto kwa Ogasiti, ndipo Francisco adakhala pachilumba paja miyezi isanu ndi umodzi asanafike ku Goa pa 6 Meyi 1542. Kuyambira pamenepo ubale wake wonse udakhala wa pa pepala. Zombo zinkayenda kamodzi pachaka. Iye mwini adawerengera kuti kalata yochokera ku Roma kupita ku zilumba za Maluku, ndi yankho lake kubwerera, zinkatha zaka zitatu ndi miyezi 9. Ife a kuno ku Milange, amene makolo athu ankadikira kalata ya mwana wopita ku Joni, ndiponso amene nkhondo idatimwaza kutsidya kwa Muloza, kudikira kotere sitikufunsa kwa munthu. Francisco ankadula maina a anzake pansi pa makalata awo, nawasunga pathupi pake pamodzi ndi mau a malumbiro ake. Polembera Inácio ankagwada.

Makalata ndi zolemba zake zimene zidasungika ndi zoposa 130. Yotchuka koposa ndi ya pa 15 Januwale 1544, yolembedwa ku Cochin, m'mene adanena kuti manja ake ankalema ndi kubatiza, ndi kuti ankalakalaka kupita ku masukulu aakulu a ku Paris kukadzudzula ophunzira okhala ndi nzeru zambiri koma osazigwiritsa ntchito. Idasindikizidwa mu 1545, ndipo idakokera anyamata ambiri ku unsembe.

Koma ine, monga mphunzitsi wa katekisimu, ndimabwerera kawirikawiri ku timakalata tatifupi timene adalembera Francisco Mansilhas mu 1544. Mansilhas adali mnyamata wa maphunziro ochepa amene adayenda naye kuchokera ku Lisboa, ndipo adaikidwa pakati pa asodzi a ngale, a mtundu wa Parava, kumwera kwa India. Adali wosachedwa kupsa mtima ndi kutaya mtima. M'chaka chimodzi chokha Francisco adamlembera makalata oposa 20. Mulibe nzeru za Aristóteles m'menemo. Muli zakuti alipire aphunzitsi a m'midzi pa nthawi yake, abatize makanda, asaphonye kuphunzitsa ana mapemphero, atumize bwato ndi chakudya kwa akhristu othawa nkhondo, ndipo apirire anthu ake monga bambo apirira ana opulupudza. Kwa Gaspar Barzeu, popita ku Ormuz mu 1549, adapereka langizo lakuti aphunzire anthu amoyo koposa mabuku, ndi kuti wochimwa wochita manyazi amlimbitse mtima pomuuza zofooka zake za iye mwini.

Tisabise kuti dzanja lomwelo lidalembanso zowawa. Mu 1546 adapempha mfumu João III kuti akhazikitse ku Goa bwalo la Inquisição, ndipo bwalolo, litafika mu 1560 iye atamwalira kale, lidazunza anthu ambiri. Za zipembedzo za eni dziko la India adalemba mopanda chifundo, asanazimvetse. Ngakhale Mansilhas yemwe, adamchotsa m'Chipani chifukwa chosamvera lamulo lopita ku Maluku. Komabe Mansilhas sadang'ambe makalata aja. Adawasunga, ndipo n'chifukwa chake tikuwawerenga. Ku Japan, kumene adafika pa 15 Ogasiti 1549, makalata ake aonetsa munthu amene waphunzira kumvetsera mafunso a anthu asanawayankhe.

Adamwalira pa 3 Disembala 1552 m'kanyumba ka udzu pa chilumba cha Sanchão, akuyang'ana gombe la China limene sadalipondepo, ali ndi zaka 46. Pambali pake padali mnyamata wa ku China dzina lake António. Eklezia adamlemba m'gulu la oyera pa 12 Malichi 1622, tsiku limodzi ndi Inácio. Pa 28 Juni 1553, Inácio adali atamlembera kalata yomuitana kuti abwerere ku Ulaya, osadziwa kuti mnzakeyo wagona m'manda pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri.