Dr. Daniel Sharpe Malekebu: Mnyamata Amene Anaoloka Nyanja ndi Kubwerera Kwawo

Tsiku lililonse mabasi amadutsa pa chipata cha Dedza kulowera ku Tete, ku Harare mpaka ku Joni, atadzaza abale athu ofuna ntchito kapena maphunziro. Ulendo wotere sunayambe lero. Zaka zoposa 100 zapitazo, mnyamata wina wa ku Chiradzulu anauyamba wapansi, ndipo anabwerako ali Mmalawi woyamba kukhala dokotala.

Daniel Sharpe Malekebu anabadwa cha m'ma 1890. Ali wamng'ono analowa sukulu ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene M'busa John Chilembwe anakhazikitsa mu 1900 atabwerako ku maphunziro ku Virginia. Kumeneko anakumana ndi Mayi Emma DeLaney, mmishonale wachikuda wa ku America, amene anafika mu 1902. Mayiwa anamuphunzitsa ndi kumusunga ngati mwana wawo.

Mayi DeLaney atabwerera kwawo, Daniel anatsimikiza mtima kuwatsatira. Makolo ake sanalole, koma iye anathawa n'kuyenda mtunda wautali mpaka ku doko la Beira. Kumeneko anapeza ntchito m'sitima yapamadzi, imene inamuthandiza kuoloka nyanja mpaka anakafika ku New York.

Ku America anaphunzira pa Selma University ku Alabama, kenako ku Durham m'chigawo cha North Carolina, ndipo mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville. Pa sukulu yomweyi ndi pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda anadzatsiriza maphunziro awo patapita zaka 20. Mu 1919 a Malekebu anakwatira Flora Zeto, amene anabadwira ku Congo ndipo anaphunzira pa Spelman ku Atlanta. Ana awiri a mu Africa, ochokera m'mayiko otalikirana, anapezana kudziko la eni ali ndi cholinga chimodzi: kubwerera kukatumikira kwawo.

Koma kumudzi zinthu zinali zitasintha. Mu January 1915 a Chilembwe anatsogolera kuukira boma la atsamunda. Iwo anaphedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chinagumulidwa, ndipo mishoni inatsekedwa. Choncho pamene a Malekebu ndi akazi awo anafika mu 1921, boma linawakaniza kukhala m'dziko la Nyasaland. Linkaopa munthu wophunzira ku America amenenso anali mwana wa sukulu ya a Chilembwe. Tangoganizani: dokotala wobadwira konkuno, m'dziko losowa madokotala, akubwezedwa pakhomo pa kwawo.

Akanatha kubwerera ku America n'kukakhala moyo wofewa. M'malo mwake anapita ku South Africa, kenako ku Liberia, kumene anagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute, uku akupitiriza kupempha chilolezo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1926 boma linawalola, ndipo anatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe.

Ntchito inali yaikulu. Akhristu anali atabalalika ndipo ambiri ankachita mantha kutchulidwa kuti ndi a PIM. A Malekebu anawasonkhanitsanso, anatsegula masukulu ndi chipatala, ndipo anamanga tchalitchi chachikulu cha New Jerusalem. Mayi Flora ankaphunzitsa amayi ndi atsikana. Mpingo unatsatiranso Amalawi amene ankagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa, ndipo mu 1945 mipingo yobalalikayo inalumikizana pansi pa bungwe limodzi la Baptist lotsogoleredwa ndi iwo. Munthu amene anadziwa kuwawa kwa kukhala mlendo sanaiwale amatchona. A Malekebu anamwalira mu 1978.

Mbiri ya munthu wotere siipezeka pamalo amodzi. Mbali ina ili m'nkhokwe ya zakale ya boma ku Zomba, ina ili ku Nashville ndi ku Atlanta, ina ku Liberia, ndipo ina ili m'mitu ya agogo a ku Chiradzulu. Wophunzira mmodzi sangaitolere yekha. Pafunika wa kuno ndi mnzake wa kutsidya kwa nyanja, aliyense afufuze kumene ali, kenako aphatikize zimene apeza.

Ndi mmenenso zilili ndi mbiri za m'mabanja mwathu. Ku Bembeke, ku Linthipe ndi ku Lobi kuli mabanja ambiri amene agogo awo anapita ku Wenela kapena ku Salisbury. Ena anabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena sanabwerenso. Pa tchuthi chikubwerachi, khalani pansi ndi agogo anu, muwafunse mayina, zaka ndi malo, ndipo mulembe. Mwina mdzukulu wa mbale wanu amene anatchona akufufuza dzina la mudzi wanu ali ku Bulawayo.

Ndipo inu amene mukulakalaka kukaphunzira kunja, moyo wa a Malekebu ukukusiyirani funso: mukadzapeza chimene mwapitira, mudzabwera nacho kwa yani?