Augustine wa ku Hippo, Bishopu Amene Anaulula Macimo Ake

Ambiri a ife timatha kufotokoza macimo a kale, amene tinawasiya tisanabatizidwe. Cimene cimatibvuta ndi kuchula macimo amene tikali nao lero. Moyo wa Augustine, mmodzi wa aphunzitsi akulu a mpingo wakale, utithandiza pa nkhani imeneyi.

Augustine anabadwa m'caka ca 354 ku Thagaste, kumpoto kwa Africa, m'dziko limene tsopano ndi Algeria. Amai ake, a Monica, anali Mkristu wokonda kupemphera, koma mwanayo anasankha njira yake. Anaphunzira ku Carthage, nakhala mphunzitsi wa luso la kulankhula. Anakhala zaka zoposa khumi ndi mkazi amene sanamange naye ukwati, ndipo anabereka naye mwana wamwamuna, Adeodatus. Kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinai anatsata ciphunzitso ca Amanike.

Atasamukira ku Milan, ku Italy, anayamba kumvetsera maulaliki a Bishopu Ambrose. M'caka ca 386, ali m'munda, anawerenga Aroma 13, ndipo mtima wake unasweka. Anabatizidwa pa Pasaka wa 387, nabwerera kwao ku Africa. Patapita zaka zowerengeka anakhala bishopu wa mzinda wa Hippo.

Ali kale pa udindo umenewo, analemba buku lochedwa Confessions, limene lonse ndi pemphero kwa Mulungu. M'bukumo anafotokoza momwe, ali ndi zaka 16, anabera zipatso pamodzi ndi anzake, osati cifukwa ca njala, popeza zambiri anaponyera nkhumba. Anapeza kuti cimene anakonda cinali kulakwa kweniko. Anaululanso kuti mkazi uja atabwezedwa ku Africa kuti iye akwatire wa banja lolemekezeka, analephera kudikira ndipo anatenga wina.

Koma sanalekere pa zakale. M'gawo lakhumi la bukulo anadzifufuza monga analiri pa nthawiyo, ali mtsogoleri wa mpingo. Anabvomera kuti nthawi zina amadya mopitirira cimene thupi lifuna, kuti maganizo ake amathawa pa pemphero, ndi kuti amakondwera anthu akamamtamanda. Awa ndi macimo amene abusa, akulu a mpingo ndi oimba kwaya angabise mosabvuta, cifukwa palibe bwalo la mpingo limene limawaweruza.

Atakalamba, ca m'ma 426, anawerenganso mabuku ake 93 ndi kulemba poyera malo amene anaphunzitsa molakwa. Anamwalira pa 28 August 430, adani a mtundu wa Vandal atazinga Hippo. M'masiku ake otsiriza anapempha kuti masalimo a kulapa alembedwe ndi kuikidwa pa khoma pafupi ndi kama wake, ndipo anali kuwawerenga akulira.

Martin Luther ndi John Calvin anaphunzira zambiri kwa iye, makamaka zoti munthu apulumuka ndi cisomo cokha. Cisomo cimeneco ndico cinampatsa mphamvu yodziyang'ana popanda kudzikometsera, pakuti wokhulupirira kuti Kristu anamlipirira alibe cifukwa cobisira ngongole yake.

Abale ndi alongo, 1 Akorinto 11:28 atiuza kudziyesa tisanayandikire Mgonero wa Ambuye. Tisanafike pa gome mwezi uno, aliyense akhale pansi payekha, achule pamaso pa Mulungu cimo limodzi la sabata ino ndi dzina lake lenileni, ndipo ngati pali amene anamlakwira, apite akakonze naye.