Émile Reynaud

Charles-Émile Reynaud (8 Disembala 1844 – 9 Januwale 1918) anali mphunzitsi wa sayansi komanso katswiri wopanga makina wa ku France. Amadziwika kuti ndiye anayamba kuonetsa makatuni pachinsalu kwa anthu olipira pakhomo, mu 1892, kutatsala zaka zitatu kuti abale awiri a Lumière ayambe kuonetsa kanema. Makatuni akewo anali amitundu yowala, ndipo chithunzi chilichonse ankachipaka utoto pamanja.

Chiyambi chake

Anabadwira ku Montreuil, pafupi ndi Paris. Bambo ake ankazokota mamendulo ndi kukonza mawotchi, pamene mayi ake anali mphunzitsi wodziwanso kujambula. Ali mnyamata anagwira ntchito kwa wansembe wina, Abbé Moigno, amene ankaphunzitsa sayansi poonetsa zithunzi ndi nyali. Kenako Reynaud anakaphunzitsa ku Le Puy-en-Velay. Mu 1877 analembetsa kuboma chidole chimene anatulukira, chotchedwa praxinoscope, chomwe magalasi ake akamazungulira zithunzi zinkaoneka ngati zikuyenda.

Mmene ankasungira mitundu

Mu 1888 analembetsanso makina aakulu otchedwa Théâtre Optique. Zithunzi zake ankazijambula pa timapepala ta jelatini toonekera mkati, ta masentimita 6 mbali zonse, n'kutilumikiza kukhala lamba wautali wokhala ndi zibowo. Ankagwiritsa ntchito inki yolola kuwala kudutsa, chifukwa utoto wolimba ukaunikidwa kumbuyo umangooneka ngati mthunzi wakuda. Malo ozungulira munthu wojambulidwayo ankawadetsa, kuti kuwala kudutse pa munthuyo pokha.

Malo amene nkhani ikuchitikira, monga bwalo la nyumba kapena gombe la nyanja, sankawajambula pachithunzi chilichonse. Ankawajambula kamodzi n'kuwaonetsa ndi nyali ina payokha. Zimenezi zinkachepetsa ntchito, komanso mtundu wa malowo sunkasinthasintha anthu akamayenda. Makinawo analibenso chotsekera kuwala ngati cha makina a kanema. Magalasi ozungulira ndi amene ankasinthanitsa zithunzi, choncho chinsalu sichinkachita mdima pakati pa chithunzi ndi chinzake.

Vuto linali lakuti lamba aliyense anali mmodzi yekha basi, wopanda kope. Kanthano ka Pauvre Pierrot kanali ndi zithunzi 500, ndipo Un bon bock kanali ndi 700. Lamba akayamba kutha chifukwa chozungulira tsiku ndi tsiku, mwiniwakeyo ndiye ankamukonza.

Ku Musée Grévin

Chionetsero choyamba chinachitika pa 28 Okutobala 1892 ku Musée Grévin mumzinda wa Paris, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Gaston Paulin. Reynaud ankazungulitsa lamba ndi manja ali kuseri kwa chinsalu. Ankatha kufulumiza, kuchedwetsa kapena kubwerera m'mbuyo, moti zithunzi 500 zinkakwanira pafupifupi mphindi 15. Pofika mu 1900 anthu oposa 500,000 anali ataonera.

Kanema wa kamera atafika, zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera chabe, koma ankajambulidwa msanga ndipo makope ake ankapangidwa ambiri. Munthu mmodzi wopaka utoto sakanatha kupikisana naye. Reynaud anayesa kujambula anthu enieni ndi kamera n'kupaka mitundu pazithunzizo, koma sizinathandize, ndipo zionetsero zake zinatha mu 1900.

Mapeto ake

Cha m'ma 1910, atasauka ndi kutaya mtima, anaphwanya makina ake n'kuponya malamba ambiri mumtsinje wa Seine. Anamwalira m'nyumba yosungira odwala osauka ku Ivry-sur-Seine. Pauvre Pierrot ndi Autour d'une cabine ndiwo malamba amene anapulumuka, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa Memory of the World. Kuyambira mu 2002, bungwe la opanga makatuni la ASIFA limakumbukira 28 Okutobala monga tsiku la makatuni padziko lonse.