John Chilembwe ndi Masiku a Caka ca 1915

Ana inu, caka ndi caka pa 15 Januwale anthu a m'Malawi apumula nchito zao, nakumbukira John Chilembwe. Kapena wina wa inu ayesa kuti limenelo ndilo tsiku anayamba nkhondo yace, kapena tsiku anafa. Si tero ai. Limenelo ndi tsiku la cikumbutso limene Boma linaika pambuyo pace. Masiku eni eni a nkhaniyi ali awiri, 23 Januwale ndi 3 Febuluwale, onsewo m'caka ca 1915.

Chilembwe anabadwira m'dziko lino la Chiradzulu, monga m'caka ca 1871. M'caka ca 1892 analowa nchito kwa mmishoni dzina lace Joseph Booth, amene anambatiza, namtenga kunka naye ku Amereka m'caka ca 1897. Kumeneko anaphunzira za ubusa m'mudzi wa Lynchburg, m'dziko la Virginia. Pobwera kwao m'caka ca 1900 anakhala pa Mbombwe, nayamba mishoni yochedwa Providence Industrial Mission. Anatsegula masukulu, naphunzitsa anthu kuwerenga, kulima, kusoka ndi kudzisamala. Ndipo anamanga calici cacikuru ca njerwa.

Koma pafupi pomwepo, ku Magomero, panali minda ya A. L. Bruce, ndipo woyang'anira wace anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala m'mindamo anali kugwira thangata, ndiko kugwirira mwini munda nchito cifukwa ca malo akhalapo. Nchito inali yowawa, malipiro ocepa, ndipo nyumba zopemphereramo za anthu a Chilembwe zinatenthedwa. Pa izi panaonjezeka njala, ndi msonkho wa nyumba. Pamene nkhondo yaikuru inabuka m'caka ca 1914, anthu akuda anafa ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani. Chilembwe analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi alikufera mlandu wosati wao; koma Boma linaletsa kalatayo.

Pamenepo mtima wace unatembenukira ku nkhondo. Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale, anthu ace anagwera minda ya Bruce, napha Livingstone ndi Azungu ena awiri. Akazi ndi ana sanawapha, pakuti Chilembwe anawalamulira cotero. Ena ananka ku Blantyre kukalanda mfuti ku Mandala, koma anapeza zowerengeka zokha. Mafumu ambiri sanamthandiza, ndipo asilikari a Boma anafika msanga. Chilembwe anathawira ca ku Mulanje, ndipo pa 3 Febuluwale anamuombera, nafa. Otsatira ace ambiri anaphedwa, ena anaponyedwa m'ndende, ndi calici cija anacigumula.

Werengani masikuwo pa zala: kuyambira 23 Januwale kufikira 3 Febuluwale apita masiku 11 okha. Koma pa Mbombwe anaphunzitsa zaka 15, ndipo nchito imeneyo sinafa naye, pakuti m'caka ca 1926 Dr. Daniel Malikebu anatsegulanso mishoniyo. Mwazi unakhetsedwa mbali zonse ziwiri, ndipo ici ncacisoni. Cifukwa cace pofika 15 Januwale musakumbukire mikondo yokha. Kumbukiraninso masukulu aja, ndi zowawa zimene zinafikitsa mbusa pa njira yotere.