Tikumbukire Flax Musopole, kholo lathu limene linakana ulimi wa chikakamizo

Pamene kopaletivi yathu ikukwanitsa zaka khumi, a komiti anandipempha kuti pa tsamba lino tikumbukire mmodzi mwa makolo athu a kuno ku Chitipa. Ndasankha malemu Katoba Flax Musopole. Mwina mudabwa, poti ine ndine mlangizi wa zaulimi, pomwe bambo amenewa anatchuka chifukwa cholimbana ndi malamulo amene alangizi a nthawi yawo ankayenda nawo. Tawerengani kaye.

A Musopole anali mwana wa dera lino, masiku amene Chitipa inkatchedwa Fort Hill ndipo inali pansi pa boma la Karonga. Monga anachitira agogo anu ambiri, iwonso anapita kukagwira ntchito ku South Africa. Anzawo ankabwerako ndi njinga, majekete ndi mabulangete. Iwo anabwerako ndi ndale m'mutu, ataona mmene anthu akuda kumeneko ankamangira magulu olimbana ndi tsankho. Pofika kumudzi m'zaka za m'ma 1950 anapeza dziko lili m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene atsamunda anakhazikitsa mu 1953 anthu asakufuna.

Koma mlimi wa ku Misuku kapena ku Ulambya chimene chinkamuwawa tsiku ndi tsiku sichinali chitaganya chokha ayi. Anali malimidwe. Boma linalamula kuti aliyense aunge mizere yopingasa, akumbe milambala, asalime m'mphepete mwa mtsinje kapena pamalo otsetsereka kwambiri. Wolephera ankamutengera ku khoti la mfumu kukalipira chindapusa, ena mpaka kundende. Inu amene mumalima m'mapiri mukudziwa thukuta lake la kukumba mlambala nthaka ili gwaa, mvula isanagwe. Ndiye ganizirani mukukumba chonchi wina ataima pambali ndi buku, akulemba dzina lanu.

Apa m'pamene a Musopole anagwira mitima ya anthu. Anayenda m'midzi kutsegula nthambi za Nyasaland African Congress, m'dera la zilankhulo zambirimbiri ngati lathuli, kumene Mlambya, Msukwa, Mndali ndi Mnyiha aliyense ali ndi chake. Kuwaika anthu otere pa mfundo imodzi si masewera. Amene munayesapo kuyendetsa msonkhano wa kalabu ya anthu makumi awiri okha mukundimvetsa.

Dr Banda atabwerera kumudzi pa 6 July 1958, zinthu zinatentha. Pa 20 February 1959 anthu a Congress analanda bwalo la ndege la Fort Hill, pamene ndege za Wenela zinkatera ponyamula amuna opita ku migodi ya ku Joni. Pa 3 March boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, n'kugwira Dr Banda ndi atsogoleri ena mazanamazana. A Musopole sanawapeze. Anthu awo anagwetsa milatho ndi kutchinga misewu kuti magalimoto a asilikali asadutse, ndipo iwo anakhala akuzemba kwa miyezi ingapo, anthu wamba akuwabisa ndi kuwadyetsa. Dzina loti General Flax linachokera pamenepo. Anadzagwidwa chaka chomwecho n'kutsekeredwa.

Atatuluka anadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo. Mu 1964, nduna zitasemphana ndi Dr Banda, anzawo a kumpoto monga a Kanyama Chiume, a Yatuta Chisiza ndi a Orton Chirwa anathawira kunja, koma a Musopole anatsalira mbali ya Dr Banda. Pa chisankho chimenecho anthu amasiyana maganizo mpaka lero, ndipo ine sindibisa kuti mbali imeneyi ya moyo wawo imandivuta. Ngakhale anatero, dzina lawo silinakwezedwe monga la ena. Mwana wa sukulu lero angakuuzeni za Chilembwe ndi Chipembere, koma mukamufunsa za Flax angokuyang'anani.

Tsono nayi nkhani imene inandichititsa kuwasankha. Ku koleji tinaphunzira akalozera, mizere yopingasa ndi udzu wa vetiva, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi zimene atsamunda ankalamula zija. Pa nkhani ya nthaka iwo sananame. Phiri likalimidwa chotsetsereka, chonde chimapita ndi madzi ku Songwe, khofi n'kuyamba kufiira masamba. Chimene analakwa n'choti sanamufunse mwini munda. Anthu anadana ndi mlambala chifukwa cha chindapusa, moti ufulu utayandikira ambiri anaisiya dala milambalayo, ena kuigumula kumene. Zinatenga zaka kuti mlimi ayambenso kumulandira mlangizi ngati mnzake.

Ndikabwera m'munda mwanu ndi chingwe ndi zikhomo kudzayeza akalozera, mumatha kundiuza kuti lero ayi, kuli maliro, kapena kuti mzere uwo sukuyenda bwino, tiubwereze. Sindikhala ndi mesenjala kumbuyo. Mwezi wathawu agogo ena anandibweza kawiri konse asanavomere kuti tikhome chikhomo choyamba, ndipo atavomera anaitana okha adzukulu awo kuti adzagwire chingwe.